Khutu la Kamphepo ndi basi ya mawa

Kwa iwe Esinati, mwana wanga,

Monire, mama. Ndine atate ako, Yotamu Zimba, wa kuno kwa Kapichila. Pa reji yanga, chitupa cha boma chija, analemba zaka zimene tsopano zakwana makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, koma kalaliki wolembayo anangondiyang'ana kumaso n'kuyerekeza, ndiye ukhoza kuwonjezerapo kapena kuchotsapo. Dzanja ukulionali si langa, ukudziwa kuti ine sukulu ndinangoidutsa panja ndikupirikitsa ng'ombe. Ndi la a Mayi Banda, aphunzitsi athu ochokera ku Chipata, amene andipatsa mpando pakhonde pawo masana ano, iwe uli kwa Mphamba kumene tinakukakamiza kukatsazika ankhazi ako, mlongo wanga uja. Ndikulankhula Chinyanja chifukwa iwo akuti Chitumbuka amachimva koma polemba chimawathawa. Ndawapempha kuti alembe monga ndikunenera, ngakhale pamene ndabwereza. Avomera, koma akuti mapepala ndi ochepa.

Udabwa kuti ndikulembera kalata munthu amene ndimadya naye pakhomo limodzi. M'mawa uno ndinayesa kulankhula nawe. Iwe unakankhira sutikesi pansi pa bedi n'kunena kuti basi ya mawa sukwera kufikira nkhani ya galu wathu Kamphepo itatha, ndipo ulembera a kusukulu kuti udzafika mochedwa. Ine pamaso pako mawu amandithera, chifukwa umayankha msanga pamene ine ndikadafunafuna poyambira. Papepala sungandidule pakamwa.

Malo aja ku sukulu ya madokotala a ziweto ku Mazabuka sadikira munthu. A Mayi Banda anandiwerengera pepala lija ndipo ndinalimva bwino: wosafika tsiku lotsegulira, malo ake amapatsa wina. Unawayembekezera malowo ukulima nafe fodya mpaka manja ako anada ngati anga. Tsono galu ali pachingwe pansi pa mtengo wa mango, mutu uli chopendekera kumanzere, ndipo iwe ukufuna kutaya zonsezo chifukwa cha mantha awiri. Oyamba, kuti ukangochoka anyamata a chipani abweranso ndi zibonga zawo n'kumupha ngati galu wachiwewe. Achiwiri, kuti ine ndidzathira m'khutu mwake chinthu chomumaliza. Pa achiwiriwo sindikukudzudzula, ndinawadzala ndekha mumtima mwako. Koma werenga mpaka kumapeto, mama, usadumphe.

Ndiyambe ndi Mapanga, galu wanga woyamba, ndili mnyamata woweta ng'ombe za atate. Tsiku lina anayamba kupukusa mutu ndi kukanda khutu ndi mwendo wakumbuyo mpaka kudzilira yekha. Ndinasuzumiramo, sindinaone kanthu koma mdima. Ndinathyola kaphesi ka udzu, monga timachitira ife eni khutu likamayabwa, n'kulowetsa. Ndinkayesa kuti khutu la galu ndi longa lathu, kanjira kongolunjika. Si choncho ayi. Limayamba latsika pansi, chakunsagwada, ndiyeno limakhota n'kulowa m'kati mwa mutu, monga una wa mbewa umene umakusocheretsa pokumba. Ukagwira kunsi kwa khutu ndi zala ziwiri umamva kanthu kolimba pang'ono ngati kholingo la nkhuku, ndipo njira yake ndi imeneyo. Kaphesi kanga katafika pokhota paja, galu anagwedeza mutu mwamphamvu, ndipo chimene chinali m'menemo, kaya inali njere ya udzu yosongoka ija, ndinachikankhira kutsogolo. Kumathero a njirayo kuli kachikopa kopyapyala kotchinga, konga ka pang'oma, ndipo ndikhulupirira kuti ndinakaboola. Mapanga anachira, koma mbali imeneyo sanamvenso. Ndikamuimbira likhweru kutchire ankathamangira kwina, n'kuima, n'kumazungulira ngati mlendo pamphambano. Anzanga ankaseka kuti galu wa Yotamu amamva Chingerezi chokha. Ine ndinkaseka nawo, koma ndinkadziwa dzanja limene linachita.

Ndiye ichi choyamba usachiiwale: pamene diso lako lathera, dzanja lako liime pomwepo. Kusukuluko akakupatsa zipangizo, ndamva kuti pali kanyali kosuzumira nako mpaka kuseri kokhota kuja. Diso lako likafika patali kuposa langa, ndipo ndikukondwera. Komabe padzakhala pamene lidzathere. Ukakhalanso m'chipinda chimodzi ndi ana a eni, Atonga, Alozi, Abemba, a miyambo yawo. Wina akakhala chete masiku, usamutokose ndi mafunso chifukwa chakuti iwe wayabwidwa kudziwa. Mukhale naye pafupi basi. Umafulumira, mama, watengera kuchimuna kwa amayi ako.

Chachiwiri ndi cha kudula makutu. Iwe sunazione, zinatha usanabadwe. Kale kuno mwana wa galu akangoyamba kuthamanga tinkamudula makutu ndi mpeni wotentha, kusiya timagulumu. Atate ankati nguluwe ndi minga zisapeze pogwira, ndiponso ankati galu wodulidwa amakhala wolusa. Ine ndinadula ambiri osafunsa. Wina wakuda, dzina ndaliiwala, ndinamudula dzinja, ndipo ntchentche zinamuzinga pabala mpaka mphutsi. Anapola ndithu, koma mvula ikagwa madzi ankalowa molunjika chifukwa chivundikiro chinali chitapita. Ndipo ndinadzaona chinthu china pokasaka. Galu wa makutu ake akamva kaphokoso m'udzu satembenuza mutu, amangotembenuza khutu limodzi, lina n'kumamvera kumbuyo. Wanga uja ankayenera kutembenuka thupi lonse, ndipo pamene akutero nyama yapita. Kulusa kuja nako sikunali kulusa. Anali galu wokumbukira kuti dzanja la munthu likafika kumutu kumabwera ululu. Ndinaleka kudula, ndipo akuluakulu ankanditonza kuti agalu anga akuoneka ngati abulu.

Ndakuuza zimenezi chifukwa ukamaliza adzakutumiza kumidzi, mwina kwa Chikomeni, mwina kutali kumene sindinafikeko. Udzapeza anthu opaka girisi kapena oyilo wakuda wa galimoto kunsonga za makutu a galu zimene ntchentche zadya. Udzapeza oboola ndi lumo khutu limene latupa ngati chitumbuwa, osadziwa kuti mwadzaza magazi chifukwa galuyo wadzipukusa kwambiri, ndipo chimene chikumupukusitsa chikadali m'kati. Usawaseke. Uyambe wawafunsa kuti amachitiranji. Munthu wotere wayesa ndi chimene anali nacho m'nyumba, sanangokhala. Ukamuseka pamaso pa ana ake, galu wotsatira sadzabwera naye kwa iwe, adzam'bisa kuseri kwa nkhokwe. Komanso ndiwe mwana wamkazi, ndipo amuna a ng'ombe ndimawadziwa chifukwa ndine mmodzi wa iwo. Adzayamba akuyang'ana nsapato zako. Uwapatse moni wonse, uwafunse za mvula, ndipo pambuyo pake ugwire chiweto.

Tsono ya mphaka, imene waimva kambirimbiri pakamwa pa amayi ako, a NyaMvula, makamaka tikakhala ndi alendo. Lero uimve pakamwa panga. Mphaka uja anali wawo, wamawanga, anabwera naye m'dengu kuchokera kwawo. Ankagona pamwamba pa nkhokwe ya mtedza ndipo khoswe sankayerekeza. Chaka chimene boma linatimangira dipi, dzenje la mankhwala losambitsiramo ng'ombe, mphakayo anayamba kukanda makutu mpaka kuseri kwake kunasupuka. Nditatembenuza khutu ndinapeza mwadzaza zinthu zakuda zoumbudzuka, zonga fodya wa m'mphuno akauma. Masiku amenewo ife a ng'ombe tinali titaledzera ndi dipi. Tinali titaona nkhupakupa zimene zinatizunza chibadwire zikuyoyoka zokha, ndipo tinkati mankhwala amene agwira pa ng'ombe agwira pa chilichonse cha miyendo inayi. Aliyense anali ndi kabotolo kake kotunga mobisa m'dzenje muja. Ndinaviika kansanza, n'kufinyira m'makutu onse awiri, n'kupakanso kuseri kuti zithere pomwepo. Amayi ako anali kudimba. Sindinaganize kuti ng'ombe ikatuluka m'dipi imangoima padzuwa, pamene mphaka amapukuta khutu ndi dzanja lake n'kunyambita dzanjalo. Pofika madzulo anali kutuluka dovu ndi kunjenjemera, ndipo sanafike m'mawa.

Amayi ako sanalire, sanakuwe. Anamukulunga m'chitenje chakale n'kukamukwirira okha. Pobwera anaima pakhomo n'kundifunsa mofatsa.

"A Zimba, chona uja munamuona ali ndi nyanga?"

Ndinati iyayi.

"Nanga linunda?"

Ndinati iyayi.

"Ndiye kuyambila lelo, khutu la chamoyo chilichonse pakhomo pano musaligwile. Ngakhale langa."

Chaka chimenecho makoswe anadya mtedza mpaka wambewu, ndipo nthawi iliyonse tikadya ndiwo zopanda nsinjiro amayi ako ankangondiyang'ana. Patapita nthawi a vetenale amene ankayang'anira dipi anandiuza kuti zakuda zija zimabwera ndi tizilombo tating'onoting'ono tosaoneka bwino ndi maso, timene mphaka amapatsirana ndipo amapatsanso agalu, ndi kuti pali mankhwala ake ofatsa. Anatinso thupi la mphaka silitha kulimbana ndi mankhwala ambiri amene galu amapirira, nanji a ng'ombe. Lamulo la amayi ako ndalisunga mpaka lero, n'chifukwa chake makutu a ziweto za pakhomo pano anagwera iwe uli wamng'ono, ndipo mwina n'chifukwa chake mawa ukupita kumene ukupitako. A Mayi Banda akuseka, akuti ndikufuna kudzitamandira ndi mphaka wakufa. Ayi, ndikungonena mmene zinayendera.

Usunge ichi: mphaka si ng'ombe yaing'ono, ndipo si galu wamng'ono. Chimene chachiza uyu usachitengere kwa uyo chifukwa chakuti botolo lili pafupi. Masiku ano zinthu zikusowa, sopo tikuimira pamzere, ndipo mankhwala a ziweto nawonso adzakusowa. Padzabwera munthu wokudandaulira kuti thirani chilichonse chimene muli nacho. Tsiku limenelo ukumbukire mphaka wa amayi ako. Kunena kuti ndilibe, tidikire, kumawawa, koma sikukwirira chiweto. Ndabwerezanso, ndipo aphunzitsi andiyang'ana: pamene sukudziwa, dzanja liime.

Yomaliza ndiyo ikukhudza Kamphepo. Panali galu wanga wina, Chikanga, wofiira, mlenje weniweni. Dzinja lina anadzuka mutu utapendeka, akuyenda chozungulira, akugwa n'kudzukanso ngati munthu wochokera kumowa. Maso ake ankathamanga okha uku ndi uku. Chaka chimenecho chiwewe chinali chitamveka m'midzi ya kumadzulo, ndipo anthu atamuona anathawitsa ana. Palibe amene anandikakamiza. Ndinatenga nthungo ndekha. Pomukokera kudzenje ndinamva fungo, ndipo nditatembenuza khutu lakumunsi ndinapeza mafinya akuchucha ndi nkhupakupa zitathithikana m'makwinya a m'kati muja. Galuyo anali asanalume munthu, anali asanatuluke dovu, ndipo dzulo lake anali atadya bwino n'kundigwedezera mchira. Kuti chinali chiwewe kapena ayi, sindingalumbire mpaka lero. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinayang'ana m'khutu nditapha kale. Ndikanamumanga n'kudikira, ndikanadziwa.

Patapita zaka, tikulima pamalo paja, khasu linafukula chigaza chake. Ndinachitsuka n'kukhala nacho pansi. Kunsi kwa chigaza cha galu, kumbuyo kwa nsagwada, kuli timafupa tiwiri tozungulira tamphako, kamodzi uku kamodzi uku, tonga mazira a njiwa, ndipo njira ya khutu ija imathera m'menemo. Ka kumanja kanali kosalala, kopyapyala, koti ukagogoda ndi chikhadabo kamalira. Ka kumanzere, mbali yodwala ija, kanali kokhuthala, kokakala ngati chiswe chamangapo. Ndinadziwa kuti matendawo anakhalamo nthawi yaitali ine osaona. Koma chinthu chimodzi sindinachimvetse, ndipo ndayenda nacho mpaka ukalamba uno. Khutu ndi lomvera. Nanga miyendo ikulowapo bwanji? Chimagwetsa galu n'chiyani pamene chowola chili m'mutu, miyendo ili yabwinobwino? Ndinafunsa a vetenale ena, anandiyankha ndi mawu a Chingerezi ali kale pa mthuthuthu.

Tsono usaganize kuti a Mtonga, cheyamani wathu wa chipani, ndi munthu woipa. Iwe unawayankha mokweza tsiku lija anabwera ndi anyamata, ndipo sindinakondwe. Mwana wa mng'ono wawo analumidwa ndi kagalu kosewera nako, iwe usanabadwe. Kagaluko katayamba kudzandira, akuluakulu anati kangodya mankhwala a makoswe, ndipo kuchipatala anapita mochedwa. Ine ndinali m'gulu la amene anamugwira mwanayo pamphasa masiku ake omaliza. Sindikuuza zambiri. Ndiye a Mtonga akaona galu akudzandira, saona galu, amaona mphasa ija. Kuwonjezera apo lamulo lachokera ku Boma kuti galu aliyense amangidwe, wokayikitsa aphedwe, ndipo mwana akalumidwa m'mudzi muno woyamba kufunsidwa ndi iwo. Pali kulakwa kwanga kwa nthungo, palinso kulakwa kuja kwa kagalu, ndipo kwachiwiriko n'kwakukulu chifukwa kunatenga munthu. Pa ntchito yako uziopa zonse ziwiri. Galu wodzandira uyambe wamumanga ndi chingwe cholimba, kutali ndi ana. Pakamwa pake umange kansalu usanayandikize nkhope yako. Munthu akalumidwa, atsuke bala ndi sopo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona mmene galuyo athere. Zikatero, pamenepo uyang'ane m'khutu, ununkhize, udikire.

Tsopano tamvera zimene zachitika lero iwe utanyamuka.

Amayi ako anakhala pamtondo. Kenaka ndinaona akung'amba tinsalu toyera tija unasiya, n'kutiwiritsa m'kapoto monga umachitira iwe. Ukudziwa kuti chikwatiwire sanagwirepo galu, amati amanunkha ndipo malo ake ndi kukhola. Ndinawafunsa kuti akuchita chiyani. Anati mwana wawo sangataye sukulu chifukwa cha khutu la ntchewe. Ndinawakumbutsa kuti maso anga achita nkhungu ndipo lamulo lawo likadalipo. Anati lamulo silinachoke.

"Imwe mugwile galu, ine ndipukute. Manja anu afike pakhosi basi. Akakwela kufika kukhutu, ndikumenyani ndi chipande."

Ndinamumanga Kamphepo kansalu pakamwa, n'kukhala pansi, n'kumuika mutu pamiyendo panga, khutu lodwala lili kumwamba. Ndinkamulankhula monga ndimachitira tikakhala kumunda. Amayi ako anagwada, atamanga mpango pamphuno, n'kutembenuza khutu. Zikuoneka kuti masiku onsewa ankakuyang'anitsitsa akunamizira kupeta, chifukwa anachita zonse monga anakuuzira a vetenale a ku Boma pamene unapita kukawafotokozera. Anapukuta pooneka pokha, kansalu kamodzi kamodzi, kuchokera m'kati kutulukira kunja, n'kutaya pamoto. Sanathiremo madzi kapena mafuta, poti a vetenale anati kachikopa kaja mwina kabooka ndipo asathiremo kanthu kufikira iwo ataona. Pamene ine ndinati alowetse chala pang'ono, anandiuza kuti nditseke pakamwa. Akuti mafinya achepa kuposa mmene ankaonera pa tinsalu tako sabata yatha. Piritsi limene anakupatsa a vetenale tinalibisa m'mbatata yophika, ndipo analimeza n'kunyambita mbale. Pomaliza amayi ako anasamba m'manja mpaka m'zigongono, akung'ung'udza kuti anakwatiwa ndi munthu wa ng'ombe koma akalamba ali namwino wa galu.

Tikadali pomwepo ndinatuma uthenga kwa a Mtonga kuti adutsire kuno. Anabwera okha, opanda anyamata, n'kuima patali. Ndinawapatsa mpando, anakana. Ndinawauza kuti galuyu tinamumanga mwezi utangooneka, ndipo tsopano mweziwo wadzaza n'kuyamba kuchepa, koma galu akudya, akumwa, akundizindikira, ndipo sanayese kuluma ngakhale chingwe. Ndinawafunsa ngati anaonapo galu wachiwewe wokhalitsa chotere chiyambireni kudzandira. Anati sanamuonepo, koma iwo si dokotala. Ndinati nanenso sindine, n'chifukwa chake ndikupempha kuti tidikire dokotala. Amayi ako anatola kansalu kamodzi ndi kamtengo n'kuwayandikizira. A Mtonga anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Amama, chotsani. Fungo ili lingaphe munthu msanga kupambana chiwewe."

Anakhala pampando paja tsopano. Tinakambirana nthawi yaitali, zambiri zinali za mwana uja, ndipo mapeto ake ndi awa. Kamphepo akhala pachingwe kufikira a vetenale atapeza petulo n'kubwera tsiku la dipi kudzamuona ndi maso awo. Anyamata sadzapondanso pano, a Mtonga awauza okha. Mwana aliyense asayandikire mtengo wa mango. Ndipo ine ndalonjeza pamaso pawo ndi pamaso pa amayi ako kuti akangosintha, akayamba dovu, kapena kuluma zinthu, kapena kusandidziwa, sindidikira munthu, ndidzachita ndekha. Ndikukuuza zimenezi poyera kuti usadzati ndinakubisira. A Mtonga ponyamuka anati ndikuuze kuti ukamaliza sukulu udzabwerere kuno, chifukwa atopa kuweruza milandu ya agalu pamene iwo anasankhidwa kuti aziona za feteleza.

Sindikulonjeza kuti Kamphepo achira. Wakula, ndipo matendawa afika kuseri kokhota kuja kumene ife sitingafike. Mwina mutu wake sudzawongokanso, adzangozolowera kuona dziko chopendekera. Mwina udzabwera pa holide n'kupeza chingwe chokha. Koma ukakhala, chimene ungachite ndi kupukuta ndi kudikira, ndipo zimenezo amayi ako azichita lero ine ndikugwira. Aliyense wa ife payekha ndi theka la munthu, iwo ali ndi maso, ine galu amandikhulupirira, koma tikaphatikizana tikukwana. Chimene sitingathe ife ndicho kukwera basi ija. Agalu odzandira adzakhalapo m'midzi muno ine nditapita, ndi anthu ogwira nthungo asanayang'ane, ndi ena onyamula botolo la dipi kupita nalo kwa mphaka. Iwe ukakhala chifukwa cha galu mmodzi, onsewo adzawaona ndani?

Ndiye tulutsa sutikesi ija pansi pa bedi. Reji ndi kadi ya chipani uike m'thumba la m'kati, pa rodibuloko amafunsa zonse ziwiri. M'basi anthu akayamba kudandaula za mtengo wa ufa, iwe uziyang'ana pawindo, sudziwa amene wakhala kumbuyo kwako. Msewu wa ku Chipata dzinja lino ndi woipa, mukatitimira usatsike kukakankha ndi nsapato zatsopano zija. Amayi ako akukazingira mtedza, ndipo ukaulandira usawafunse za galu pamaso pa anthu, achita manyazi n'kuyamba kukalipa. M'mawa ukamutsazike Kamphepo uli chiimire, usagwade, ndikudziwa kuti ukagwada sudzuka.

A Mayi Banda akuti tafika pa pepala lomaliza, ndiye ndipemphe changa. Ukafika utilembere msanga kuti wafika, iwo adzatiwerengera, ndipo ife tidzakuyankha mmene galu alili, zabwino kapena zoipa, osakongoletsa. Koma pali kalata ina imene ndikuifuna ine ndekha. Tsiku limene adzakuphunzitseni za khutu, ukweze dzanja, ufunse funso langa lija, ngakhale anzako aseke. Ufunse kuti kuseri kwa kafupa konga dzira la njiwa kuli chiyani chimene chimagwira galu kuti asagwe. Akakuuza, usandilembere mawu okha. Undijambulire papepala lalikulu, ndi inki yakuda kwambiri, kuyambira kunsonga ya khutu, kutsika, kukhota, mpaka kumene sindinafikeko. Chithunzi sindidzafuna munthu wondiwerengera. Ndidzachitenga kupita nacho padzuwa, n'kuchiyang'ana ndekha mpaka nditamvetsa.

Uyende makora, mama. Undilembere.

Ndine atate ako,
Yotamu Zimba